Bango Losiyidwa pa Mlatho

MUTU 5

1. Munthu woposa chitseko

Bambo ake a Takondwa, a Benedicto, adali munthu wamtali kuposa aliyense pa esiteti ina ya fodya ya kufupi ndi Kabudula. Adachokera ku Phalombe kudzagwira ntchito ya utenanti, mkazi wawo mayi Bertha ali pambuyo, katundu yense atakwana m'thumba limodzi la feteleza. Chiyambire tsiku limenelo moyo wawo udali wowerama. M'munda ankawerama, m'chigafa cha fodya ankawerama, ngakhale polowa m'nyumba mwawo momwe ankawerama. Nyumba za matenanti amazimanga ngati kuti osauka onse ndi afupiafupi.

Iwo ankangoziseka. "Amake Tako," ankatero akagunda mutu pakhomo, "ine ndapinda msana zokwana pansi pano. Tsiku langa likadzafika mudzandigoneke chowongoka. Miyendo iyi idzatambasuke ngati ya bwana. Sindikupempha zambiri."

Mayi Bertha ankawaletsa kuti asiye kulaula. Koma mawuwo ankabwera kawirikawiri, moti ngakhale Takondwa, mwana wawo woyamba, adawaloweza.

Takondwa adali Fomu 2 pa sekondale yoyendera, ndipo pa Chingerezi adali katswiri. Tsiku lina aphunzitsi ake, Madamu Veronica, adaphunzitsa kalembedwe ka miyeso.

"Ana inu, mvetserani," adatero Madamu. "Polemba miyeso m'Chingerezi nambala siyenda yokha ngati mwana wamasiye. Mukalemba 6, mutiuze ngati ali mafiti kapena mainchesi. Mukasankha zizindikiro, kamzere kamodzi pamwamba ndi ka mafiti, timizere tiwiri ndi ta mainchesi, ndipo musasakanize zizindikiro ndi mawu pamalo amodzi. Yambani ndi m'litali, kenako m'lifupi, pakati pake muike kamtanda. Wolemba miyeso mosasamala amawonongetsa matabwa a eni ake."

Atafika kunyumba Takondwa adatenga tepi yakale ya telala imene mayi ake ankasunga m'kachitini ka singano, nayeza chitseko. Chitseko chimenecho ndiye chidali chuma cha banjalo. A Benedicto adachigula chaka chimene fodya adayenda bwino, pamene matenanti anzawo ankatsekera nyumba ndi mapesi. Mkati mwake Takondwa adalembamo ndi choko: 5′ 8″ × 2′ 6″.

"Nanga ine ndimachiposa ndi zingati chitseko chimenechi?" adafunsa bambo ake.

Takondwa adakwera pa mtondo, nawayeza ataima chilili kukhoma. Kenako adalemba pansi pa manambala oyamba aja: 6′ 1″.

A Benedicto sankadziwa kuwerenga. Adayang'ana manambalawo nthawi yaitali.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, ababa."

"Ndiye asafufute munthu," adatero akumwetulira. Ndipo palibe adafufuta.

2. Mabango awiri

Chifuwa chidawayamba a Benedicto mvula itangogwa. Adapita kuchipatala, adamwa mankhwala, adawonda mpaka malaya kumawalendewera, koma kutalika kokha sikudachoke. Lachiwiri lina la mwezi wa Meyi, kunja kukungoyera, adapuma komaliza mayi Bertha atawagwira dzanja.

Maliro a mlendo ndi ovuta. Abale onse adali ku Phalombe, ndipo uthenga ukadawapeza mwambo utatha kale. Idalinso nthawi yosankha fodya, choncho kapitawo adangolola amuna asanu kusiya ntchito. Mwayi wake, mudzi woyandikana ndi esitetiyo udapereka malo kumanda. Kudabweranso a Zakeyo, mkulu wa adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kusamala thupi.

Mwini esiteti adapereka matabwa asanu ndi limodzi otsala pomanga ofesi, ndipo adanenetsa kuti ena palibe. Matabwawo adakwera thirakitala ya m'mamawa kupita kwa a Dyson, kalipentala wa ku Kabudula. Chidatsala ndi muyeso wokha.

A Zakeyo adaitanitsa mabango awiri owongoka kudambo. Adalowa nawo m'nyumba, nayeza thupi kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, ndipo adawadula mofanana. Pa bango lililonse adatemapo kachizindikiro kosonyeza mapewa. Limodzi adalipereka kwa okumba manda. Linalo adaligwira m'manja akuyang'ana uku ndi uku, kusowa womutuma.

"Ndipita ine, agogo," adatero Takondwa. "Njira ndimaidziwa. Ndimapalasa tsiku ndi tsiku popita kusukulu."

A Zakeyo adamuyang'ana, nausa moyo.

"Mwana wanga, ntchito iyi si ya namfedwa, komanso si ya mwana wamkazi. Koma lero tachepa manja, ndiye ndikutuma. Tamvera bwino. Ili si bango wamba, awa ndi bambo ako. Usalipinde, usalithyole, usaligoneke pamene anthu amaponda. Ukafika kwa a Dyson ukalipereke m'manja mwawo, iwo akudziwa chochita nalo. Ine ndinayamba kuika maliro mayi akowo asanabadwe, ndipo sindinaonepo bango litanama. Ndikudziwa kuti ana a sukulu muli ndi nzeru zanu za m'mabuku, ndipo sindikuzinyoza. Koma pa maliro sitiyeserapo nzeru zatsopano, chifukwa munthu saikidwa kawiri. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Wamva kodi?"

"Ndamva, agogo."

Takondwa adamangirira bangolo ku njinga. Chikwama cha kusukulu adachikoleka paphewa osaganizako n'komwe, poti dzanja lidazolowera.

3. Pa mlatho

Bango si katundu wolemera, koma pa njinga ndi lovuta. Lidatulukira kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chovuta kwambiri n'chakuti m'dera limenelo aliyense amadziwa tanthauzo la bango loyenda pa njinga.

Pa mjigo amayi adatsitsa zidebe. "Kwagwanji, mwana iwe?"

"Ndi bambo anga."

Patsogolo pang'ono bambo wina woyendetsa ngolo adavula chipewa. "Watisiya ndani?"

"Ndi bambo anga."

Pa chigayo adamufunsanso. Onsewa ankafunsa mwachifundo, koma nthawi iliyonse imene Takondwa ankayankha, zinkakhala ngati bambo akewo amwaliranso kachiwiri. Munthu wachinayi atafunsa, mawu adakana kutuluka. Adangoweramitsa mutu n'kupalasa mwamphamvu, misozi ikumutseka m'maso.

Pa kamlatho ka pamtsinje chingwe chidamasuka. Bango lidalowa m'masipokosi ndipo Takondwa adapezeka ali pansi, bondo litasupuka. Asanadziyang'ane yekha adayamba wayang'ana bango. Silidathyoke.

Amene adamudzutsa adali Lilian, mnzake wa m'kalasi, yemwe ankathamangira kusukulu mochedwa. Lilian ataona bangolo sadafunse kanthu. Ankadziwa kuti a Benedicto akudwala.

"Pepa, Tako," adatero, nakhala naye pansi m'mbali mwa msewu. Adalira onse awiri.

Patapita kanthawi Lilian adati, "Kwatsala midzi itatu, kenako pamsika. Ukalowa nalo limeneli aliyense akufunsa, eti?"

Takondwa adatsegula chikwama. Adatulutsa tepi ija, imene idatsalira momwemo chiyezereni chitseko. Adagoneka bango pa udzu n'kuliyeza mosamala. Mafiti asanu ndi limodzi ndi inchesi imodzi, ndendende ngati pachitseko paja.

"Sanafupike," adatero motsitsa mawu.

Adayezanso mpaka pa kachizindikiro ka mapewa. Kenako adathothola pepala pakati pa kope. Pamwamba adalemba liwu la Chingerezi lakuti *Coffin*, kutanthauza bokosi la maliro, nalidula mzere kunsi. Pansi pake adalemba: 6′ 1″ × 1′ 7″. Kamzere kalikonse kadali pamalo pake.

Lilian adasuzumira. "Madamu akanakupatsa khumi pa khumi. Koma akuluakulu sakakalipa?"

"Bango likunena zomwezi," adayankha Takondwa. "Kungoti ilo silidziwa kulemba."

Tisamunamizire mwanayu kuti adachita mwano chabe. Adatopa ndi kuyankha mafunso, ndipo mtima wake udali utasweka. Koma kakunyada nakonso kadalipo. Ankafuna kuti ntchito yomaliza yowachitira bambo ake ikhale ya pensulo ndi pepala, zimene iwo ankamunyadira nazo.

Adatsikira kunsi kwa mlatho, nagoneka bangolo pa udzu wouma pamene anthu saponda. Lamulo limenelo lokha ndiye adalisunga. Atakweranso njinga, palibe adamufunsanso kanthu mpaka kukafika.

4. Kwa a Dyson

A Dyson ankagwirira ntchito m'chisakasa kuseri kwa magolosale. Zitseko, mafelemu a mawindo ndi mabenchi a sukulu zidali zitatsamira kukhoma. Matabwa a ku esiteti aja adali kale pa tebulo. Eni ake adali chilili, pensulo ili kukhutu, kudikira muyeso.

Atamupepesa Takondwa, adayang'ana ku njinga. "Bango lili kuti?"

"Ndabweretsa muyeso wolemba."

A Dyson adapukuta manja, nalandira pepalalo. "Walemba ndani?"

"Ine."

"Zolemba zake zabwino. Ena amandibweretsera manambala osadziwika mutu ndi mchira." Adaloza pamwamba ndi chala. "Apa mwati bokosi. Ndiye kuti muyeso uwu ndi womaliza? A Zakeyo auona?"

Apa ndiye padali pothawira. Takondwa akadangoti, "Ayi, ndayeza ndekha, bango ndalisiya pa mlatho," a Dyson akadamubweza kuti akalitenge, ndipo nkhani ikadathera pomwepo. Koma adachita manyazi. Munthu amene wangokuyamikira kumene n'kovuta kumuuza kuti walakwa.

"Auona," adatero.

"Chabwino. M'lifupimu mwachepetsa, ndingolumikiza matabwa awiri mmene alilimu. M'litali nditsata pepala. Ngolo idzabwere mawa m'mawa."

A Dyson sadawaonepo a Benedicto chibadwire. Kwa iwo bokosi la mafiti asanu ndi limodzi ndi inchesi imodzi lidali la munthu wamsinkhu wamba. Adalemba mzere pa thabwa loyamba, sowo n'kuyamba kulira. Zidutswa zogwa ankaziika pambali kuti zikhale za kumutu ndi kumiyendo.

Pobwerera Takondwa adadutsa pa mlatho osayang'ana kumbali. Adapeza masamba atagonekedwa kale pamsewu kusonyeza kuti pali zovuta, ndipo amayi a kumpingo ankaimba m'nyumba. A Zakeyo adali pansi pa mtengo wa mango.

"Lafika?" adafunsa.

"Lafika, agogo."

Bodza lachiwirili lidatuluka mosavuta kuposa loyamba lija.

5. Bango lachiwiri

Lachitatu m'mawa ngolo idafika. Bokosi lidali litakutidwa ndi nsalu yakuda, lokhomedwa bwino, losachititsa manyazi. A Dyson adakwera nawo ngoloyo, sowo, nyundo ndi misomali zili m'thumba, chifukwa chivundikiro ankakonda kukhoma okha.

Amuna adalitsitsira pabwalo. A Zakeyo adatenga bango lija lidapita kumanda, lomwe tsopano lidali litabwerako, naligoneka pamwamba pa bokosi monga ankachitira nthawi zonse bokosi lisanalowe m'nyumba. Bango ndi bokosi zidalingana ndendende, nsonga ndi nsonga.

Takondwa, amene ankaonerera ali pakhonde, mtima udakhala pansi. Adaganiza kuti zatheka.

Koma nkhope ya a Zakeyo idasintha. Adachotsa chivundikiro, nayesa kugoneka bangolo mkati. Kumutu lidalowa. Kumiyendo lidakana, lidangotsamira pa thabwa. Adalitembenuza, koma zidali chimodzimodzi.

"A Dyson," adatero a Zakeyo modekha, "mwayamba liti kupanga mabokosi olingana ndi bango?"

"Bango sindinalione, akulu," adayankha a Dyson. Adatulutsa pepala lija m'thumba la malaya. "Ndinalandira ichi. Inu mukudziwa mmene ndimagwirira ntchito. Munthu akandibweretsera bango, ndimadziwa kuti wandibweretsera thupi. Ndiye ndimawonjezera ndekha: inchesi ya thabwa la kumutu, inchesi ya thabwa la kumiyendo, ndi chikhatho chimodzi cha bulangete ndi mtsamiro. Koma akandibweretsera pepala, monga amachitira ofuna zitseko ndi mawindo, ndimadula mmene pepala lanenera, kunja mpaka kunja. Pepala ili likuti bokosi, silikuti munthu. Ndinafunsa ngati inu mwaliona, ndipo ndinauzidwa kuti mwaliona."

Palibe adatchula dzina la Takondwa, koma maso onse adapita kukhonde. Iye adadzuka, nakagwada patsogolo pa a Zakeyo.

"Ndine, agogo. Bango ndinalisiya pansi pa mlatho. A Dyson ndinawanamiza, inunso ndinakunamizani."

A Zakeyo sadakweze mawu. Zikadakhala bwino akadamukalipira.

"Mwana wanga, kusiya bango kunali kulakwa kwa mwana, ndipo ine amene ndinatuma namfedwa ndili ndi mbali yanga. Koma pamene a Dyson anakufunsa, Mulungu anakutsegulira njira yobwerera. Iwe unaitseka wekha. Kulakwa kumakonzeka dzuwa likadalipo. Bodza ndi limene limadikiritsa kulakwa mpaka matabwa atadulidwa. Tsopano taona, madzi akatayika saoleka. Dzuka, si nthawi yogwada ino. Bambo ako akudikira."

Amuna adasonkhana pambali. Matabwa ena padalibe, ndipo ku Kabudula kudali kutali kwa ng'ombe zotopa kale. Mmodzi mwa adzukulu adalankhula zimene ena ankaopa kunena.

"Tingowapinda mawondo pang'ono. Zimachitika. Dzuwa likukwera, ndipo thupi silidikira."

Adalankhula motsitsa, koma nyumba za matenanti zilibe chinsinsi. Kulira kwa m'nyumba kudaleka mwadzidzidzi.

6. Chitseko

Mayi Bertha adatuluka atafunda chitenje kumutu, amayi awiri atawagwira m'mbali. Si mwambo kuti mkazi woferedwa alowerere zokambirana za adzukulu, koma palibe adawaletsa.

"Pepani, akuluakulu, ndalowa pamene sindiyenera," adatero ndi mawu osasa. "Bambo awa awerama zaka zonse. Anandipempha chinthu chimodzi chokha. Lero ayi."

"Mayi, tamva," adayankha a Zakeyo. "Koma thabwa tilitenga kuti?"

Mayi Bertha adatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana nyumba yawo.

"Chotsani icho."

A Dyson adazengereza. "Mayi, mwezi wa Juni uli pafupi. Muli ndi ana."

"Anagula okha. Chotsani."

Misomali ya m'mahinjesi idazuka ikulira. Amuna awiri adanyamula chitsekocho n'kukachigoneka pansi pa mtengo wa mango. A Dyson adagumula thabwa la kumiyendo kwa bokosi, kenako adakodola Takondwa.

"Bwera kuno, ugwire bango ili. Usaope, ntchito iyi tiimalizira limodzi."

Takondwa adagwira, misozi ikugwera pa matabwa.

"Ona," adatero a Dyson akuloza ndi pensulo. "Apa ndi pamene bambo ako athera. Apa ndi pamene bokosi liyenera kuthera. Pakati apa ndi pamene pepala lako silinanene kanthu. Manambala ako anali olondola, timizere tako tonse tinali pamalo pake, ndipo aphunzitsi ako sanakunamize. Koma ukanangowonjezera mawu ochepa, akuti uwu ndi msinkhu wa malemu, ine ndikanadziwa chochita. Usadzasiye kulemba chifukwa cha lero. Ukalemba muyeso uzinena chimene wayeza, ndipo ukapanda kudziwa uzifunsa amene adzagwire sowo."

Sowo idalowa m'chitseko. Takondwa adatseka maso, koma makutu alibe zitseko. A Dyson adadula zidutswa zinayi, nazikhoma kunja kwa bokosi, pansi, m'mbali ndi pa chivundikiro, kuti litalike. Kenako adabwezera thabwa la kumiyendo. A Zakeyo adagonekanso bango mkati. Lidalowa lonse, malo n'kutsalako.

Nsalu yakuda ija idali yodulidwa kale, choncho siidafike pa chigambacho. Matabwa a chitseko ankaonekera poyera. Ndipo pa chidutswa cha kumbali, chopendekeka pang'ono, padali manambala a choko: 6′ 1″.

Takondwa atawaona adachita manyazi aakulu. Adanyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, natambasula dzanja kuti afufute. Dzanja lina lidamugwira pamkono. Adali mayi ake.

"Anati asafufute munthu," adatero mayi Bertha.

Apo Takondwa adalira mokweza koyamba chimwalirireni bambo ake, ndipo mayi ake adamufunditsa chitenje chawo chomwe.

Bokosi lidalowa m'nyumba mosavuta, poti pakhomo padalibe chotchinga. Patapita kanthawi a Zakeyo adatuluka, navula chipewa pamaso pa mayi Bertha.

"Agona chowongoka, mayi."

Kumanda, bokosi likutsika, chomaliza chimene Takondwa adaona chidali choko chija. A Zakeyo adaponyamo bango lachiwiri lija dothi lisanayambe kugwa. Pobwerera adayenda pafupi ndi Takondwa.

"Mnzake wa bango lija ukamutenge mawa," adatero. "Asakhalitse pa mlatho. Tidzamuika pamwamba pa manda."

7. Pepala lina

Dzuwa litapendeka anthu adayamba kubalalika. Amayi a kumpingo adatsala atatu okha, ndipo matenanti adabwerera ku fodya. Mayi Bertha adang'amba thumba la feteleza, nalipachika pakhomo ndi minga iwiri. Thumbalo lidalekera m'mawondo. Kamphepo ka Meyi kankalikankha n'kulowa mmene kafunira.

Takondwa adakhala pa mkeka moyang'anana ndi khomolo. Mayi ake sadamunenepo kanthu za bango, ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa ndodo.

Kunja kudamveka nsapato. Adali kapitawo. Adakweza dzanja kuti agogode, koma padalibe pogogoda. Adatsokomola, nati, "Odi."

Mayi Bertha adakweza thumba lija. Kapitawo adapepesa maliro mwachidule, maso ali pansi. Kenako adatulutsa pepala lotayipa, lokhala ndi chidindo cha ku ofesi.

"Andituma, mayi. Ine ndangokhala mthenga." Adalipereka, nachoka mofulumira ngati munthu amene wasiya moto pa udzu.

Mayi Bertha adalitembenuza uku ndi uku. Lidali la m'Chingerezi. Adalipereka kwa mwana wawo.

Takondwa adaliwerenga kamodzi, naliwerenganso. Lidalembedwa bwino kwambiri, nambala iliyonse ili ndi dzina lake. Adayang'ana nkhope ya mayi ake yotupa ndi kulira, nayang'ana azing'ono ake awiri amene ankasinza pakona. Zikadatheka kunena kuti ndi kalata yopepesa maliro. Mayi ake akadakhulupirira, ndipo akadagona tulo kwa tsiku limodzi.

"Likuti chiyani?" adafunsa mayi Bertha. "Usandibisire, Tako. Werenga monga alembera."

Takondwa adawerenga monga adalembera.

"Akuti nyumba ino ndi ya tenanti amene akugwira ntchito, amayi. Akuti ababa kulibe, ndiye kukubwera banja lina. Atipatsa masiku asanu ndi awiri."

Mayi Bertha sadalire. Adayang'ana thumba lija likugwedezeka pakhomo, kenako adayang'ana chikwama cha sukulu chimene chidali chikolekere pa msomali.

"Ku Phalombe ndilibe munda," adatero. "Kuno ndilibe nyumba. Mawa ukakatenga bango lija, udzere kwa aphunzitsi ako. Ukawauze kuti ndikufuna kuwaona, tikambirane za sukulu yako."